Tiziyeza makhonsolo mjigo usanafe

Chaka ndi chaka boma limatulutsa zotsatira za kafukufuku wa LAPA, woyeza momwe makhonsolo agwirira ntchito, ndipo kwa masiku angapo mawailesi amangokamba za boma lomwe lakhala nambala wani ndi lomwe lagwira mchira. Kuchokera mu 2020, pomwe Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 100 miliyoni a pulojekiti ya GESD, malikisiwa ali ndi mano: khonsolo yokwaniritsa zofunika imalandira ndalama zapadera za chitukuko, yolephera imabwerera chimanjamanja. Zimenezi ndi zabwino, ndipo sindikuzipeputsa. Chomwe ndikutsutsa ndi kuganiza kuti tikayeza khonsolo chaka chitatha ndiye kuti taiyang'anira. Kuyang'anira kopindulitsa munthu wa ku Makhanga kapena ku Ndirande ndi kuona vuto likadali kutali, nthawi yoti nkulitchinga ikadalipo. Kuyeza ntchito ndi kupewa ngozi ndi ntchito imodzi, ndipo ife taigawa pakati, mbali yophwekayo nkuitenga.

Chizolowezichi chili ndi kochokera. Lamulo la maboma ang'onoang'ono komanso ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu zinabwera mu 1998, makhansala oyamba nkusankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo makhonsolo ankayendetsedwa ndi mabwanamkubwa ndi akuluakulu a maofesi, anthu omwe ntchito yawo, kukwezedwa kwawo ndi kusamutsidwa kwawo zinali m'manja mwa a ku Capital Hill. Munthu amayang'ana komwe kumachokera malipiro ake. Choncho ofesi ya khonsolo inaphunzira kulemba malipoti opita ku Lilongwe, ndipo funso lake lalikulu linakhala lakuti: kodi faelo ili bwino?

Taonani mjigo. M'faelo muli zonse: mudzi unaupempha kudzera mu komiti ya chitukuko ya m'mudzi ya VDC, a komiti ya m'dera ya ADC anavomereza, kontirakitala anasankhidwa motsata malamulo, anakumba, analipidwa, malisiti alipo, chithunzi cha tsiku lotsegulira chilipo, amayi akululutira. Wofufuza akafika ku khonsolo kwa masiku ochepa omwe wapatsidwa, apereka malikisi onse, ndipo salakwa. Koma mjigo uli ndi tizitsulo ndi timphira tomwe timatha. Tsiku lina chogwirira chiyamba kulemera, madzi ayamba kutuluka mwana atapopa kwa nthawi yaitali, kenako asiyiratu. Komiti ya mjigo ipezeka kuti ndalama zosonkha inasiya kutolera kalekale, makaniko wa m'dera akufuna zoyendera. Amayi aja atenga zidebe nkubwerera ku dambo. Ku khonsolo mjigowo ukadali pa mndandanda wa zitukuko zomwe zinatheka, ndipo palibe pepala lomwe lisinthe chifukwa choti wafa. Chimodzimodzi chipatala chaching'ono chomangidwa bwino koma chopanda nyumba ya namwino, kapena mlatho womwe madzi akuudya kunsi pang'onopang'ono. Zonsezi zimayamba zachenjeza, koma palibe munthu yemwe ntchito yake ndi kulemba chenjezolo ndi kulifikitsa pa tebulo la opanga ziganizo.

Mtengo wa kusamvaku tinauona. Kolera yomwe inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 inagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 masukulu a m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe anachedwa kutsegulidwa. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala nkukwirira nyumba za ku Chilobwe, ndipo m'chigawo chakummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Timakonda kunena kuti tsoka silinunkha. Namondwe palibe khonsolo ikanamuletsa, inde, koma nyumba zomangidwa pa matsitso a phiri lometedwa mitengo aliyense ankaziona ali pa msewu. Zimbudzi zodzadza za m'misika, ngalande zotsekeka ndi mapulasitiki, zinyalala zounjikana pafupi ndi pogulitsira zakudya, zimenezo zinkanunkha ndithu. Ofesi yoona za mapulani a mzinda inkadziwa, ofesi ya zaumoyo inkadziwa. Chomwe chinkasowa ndi kaundula wamoyo wonena kuti ngozi zazikulu m'dera lathu ndi izi, yoyamba kuopsa ndi iyi, woiyang'anira ndi uje, ndipo pofika Okutobala, mvula isanagwe, akhale atachita chakuti. Lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023 likutsindika kukonzekera, koma lamulo silingalowe m'malo mwa khansala wofunsa pa msonkhano uliwonse kuti kaundula uja wafika pati.

Ena anena kuti ndikunyoza mapepala, pomwe dziko lino linabedwa chifukwa chosasamala mapepala. Akunena zoona. Cashgate ya 2013 inatheka chifukwa anthu ankalowetsa malipiro abodza m'makompyuta a boma oyendetsera ndalama a IFMIS nkufufuta mapazi awo, ndipo malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma akhala akudandaula za ndalama za m'makhonsolo zotuluka popanda zikalata. Khonsolo yosatha kusunga malisiti singadaliridwe pa china chilichonse. Koma risiti limangotiuza kuti ndalama inapita komwe inalembedwa. Silitiuza ngati madzi akutuluka. Khonsolo ikhoza kukhala ndi mabuku oyera, mitsinje ya m'dera lake ili yakuda. Kulondoloza chuma kukhale khomo lolowera, ndipo wodutsapo afunsidwebe: mwa mijigo yonse ya m'boma lanu, ingati ikugwira ntchito mwezi uno, ndipo wowonongeka umatenga masiku angati kuti ukonzedwe?

Chitsutso chachiwiri ndicho cholemera kwambiri. Mabwanamkubwa ndi makhansala amafunsa kuti muwayeza bwanji pa madzi ndi mankhwala pomwe ndalama zili m'manja mwa ena. Ndondomeko ya 1998 inati makhonsolo azilandira magawo 5 pa 100 aliwonse a ndalama zomwe boma limatolera, za chitukuko, koma lonjezolo lakhala likuvuta kukwaniritsa. Ndalama zoyendetsera ntchito zimafika mochedwa, nthawi zina zoperewera, ndipo zomwe khonsolo ya kumudzi imapeza pa matikiti a mumsika ndi ziphaso za malonda sizingagule ngakhale mafuta a maambulansi. Pamwamba pake, khonsolo ikalephera mayeso nkumanidwa ndalama, wolangidwa si wowerengera chuma yemwe anasokoneza mabuku, koma mwana wophunzirira pansi pa mtengo. Sindingakane chilichonse mwa izi. Koma zikutitengera kwina, osati kosiya kuyeza. Ngati kuchedwa kwa ndalama ndiyo ngozi yaikulu ya khonsolo, ilembedwe pamwamba penipeni pa kaundula, ndipo tsiku lolengeza malikisi a makhonsolo, komiti yoona za chuma cha makhonsolo ya NLGFC ilengezenso tsiku lomwe thumba la boma linatumiza ndalama ku boma lililonse, ndi zingati mwa zomwe linalonjeza. Sikelo yoyeza wamng'ono yekha ndi yachinyengo. Komanso umphawi ndiwo ukufunitsa kusanja ngozi. Wolemera akhoza kukonza milatho yonse. Yemwe ali ndi ndalama za mlatho umodzi ayenera kudziwa bwino lomwe kuti ndi uti ungadule anthu ku chipatala mu Febuluwale.

Nanga adzalemba ndani, popeza ofufuza ochokera ku likulu sangakhale m'mudzi chaka chonse? Anthuwo alipo kale ndipo ali pa malipiro. Mlangizi wa zaumoyo amadziwa mjigo womwe wafa sabata yomweyo. Mphunzitsi wamkulu amadziwa khoma lomwe lang'aluka, wodula matikiti amadziwa mawaya a magetsi olendewera pa mashedi a msika. Ambiri ali ndi foni m'thumba. Vuto ndi loti m'maofesi mwathu wobweretsa uthenga woipa amaoneka ngati akufuna kuipitsa bwana, ndipo mayeso okhala ndi mphotho amangowonjezera chilakolako chobisa. Ndiye malikisi ena aziperekedwa kwa khonsolo yoonetsa kuti inalandira chenjezo, inalilemba, nkuchitapo kanthu pa nthawi yake. Khonsolo yonena kuti chaka chonse sinalandire dandaulo lililonse ndiyo yoyenera kuikayikira. Lamulo lopereka ufulu wopeza mauthenga a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, kotero palibe choletsa kumata kaundulayu pa bolodi la ofesi ya bwanamkubwa, m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, kuti mfumu yodutsa ione ngati mlatho wa kwawo ulipo.

Pomaliza pali funso la yemwe amafunsa. Mu 2025 khoti linagamula kuti sizigwirizana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo aziyendetsa nawo thumba la chitukuko cha m'madera la CDF ndi kuvota m'makhonsolo, mphamvu yovota yomwe anaipeza lamulo litasinthidwa mu 2010. Mkangano wa yemwe agwire thumbali sutha msanga, poti ndalama zake zakhala zikukwera. Koma aliyense wogwira thumba amakonda chitukuko chatsopano chomwe angadulirepo riboni, osati mphira wa mjigo wakale kapena kugwapa ngalande mu Seputembala. Ntchito zotchinga ngozi sizijambulidwa, ndipo ndi zomwe zimayamba kudulidwa bajeti ikachepa. Ngati mayeso a makhonsolo sazipatsa malikisi, palibenso wina amene adzazikumbukire pa msonkhano wa bajeti.