Elisa Anapita ku Kasupe

M'buku lachiwiri la Mafumu, mutu 2, muli nkhani yaifupi imene simamveka kawirikawiri pa Misa. Eliya atangotengedwa kupita kumwamba, anthu a ku Yeriko anafika kwa mneneri Elisa ndi dandaulo: mzinda wao unali pamalo abwino, koma madzi ake anali oipa ndipo nthaka sinkabereka. Elisa sanawauze kuti apirire. Anaitanitsa mchere m'mbale yatsopano, napita pomwe madziwo ankatumphukira, nauthira pamenepo m'dzina la Chauta. Madziwo anakhala abwino.

Dandaulo lotere likumvekabe lero m'mizinda imene migodi ndi mafakitale zinatsekedwa, eni ake n'kupita. Umodzi ndi Kabwe, ku Zambia, makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka. M'chaka cha 1902 kunapezeka miyala ya mtovu ndi zinc, ndipo mzinda wonse, umene kale unkatchedwa Broken Hill, unakula chifukwa cha mgodiwo. Unadyetsa mabanja ambiri mpaka 1994 pomwe unatsekedwa. Ntchito inatha, malipiro anatha, koma phiri la zotsalira, matani mamiliyoni, linatsala pomwepo osakwiriridwa. Anthu amalitcha Black Mountain.

M'chilimwe mphepo imanyamula fumbi la phirilo kulowa nalo ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Limatera pabwalo, pa ndiwo zamasamba, pa zovala zoyanikidwa. Mtovu ulibe fungo, ndipo suwola ngati zinyalala zina. Mwana wokwawa amagwira dothi, n'kuika chala kukamwa, ndipo thupi lake limayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Ngati mwanayo sakudya mokwanira, limayamwa koposa. Mtovuwo umaononga ubongo umene ukukula, umachepetsa magazi, umapweteka impso. Wina umabisala m'mafupa kwa zaka, ndipo mtsikana akakula n'kukhala woyembekezera, umatuluka n'kukafika kwa mwana ali m'mimba. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene unganenedwe kuti ngwosaopsa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana wotere nthawi zambiri saoneka wodwala. Amangochedwa kuyankhula, amaiwala zimene aphunzira, sakhazikika m'kalasi. Aphunzitsi amati ngwaulesi, bambo ake amatenga chikoti, agogo ake amayamba kuganizira azakhali ena amene anawayang'ana moipa. Mwana wosalakwa amalangidwa kawiri, ndipo banja limagawanika pa mlandu wa ufiti pamene mdani weniweni ali m'fumbi la pakhomo. Mkhristu ayenera kuopa tchimo limeneli, lonamizira mnzake pa chinthu chimene chipatala chikanachipeza poyeza magazi.

Nanga wolakwa ndani? M'chaka cha 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg, kuimira amayi ndi ana pafupifupi 140,000 a ku Kabwe, kutsutsana ndi kampani ya Anglo American South Africa, imene inali ndi gawo pa mgodiwo kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo imakana mlanduwo, ndipo mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu. Odandaulawo anachita apilo. Zigamulo n'za makhoti. Koma pamaso pa Mulungu funso n'losavuta: amene anapindula ali kutali, amene akulipira ndi ana obadwa mgodi utatsekedwa kale. Papa Fransisko, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, anaphunzitsa kuti kuonongeka kwa chilengedwe kumayamba kupweteka osauka, ndipo Kabwe ndi umboni wake. Achinyamata osowa ntchito amakakumba m'phirilo kufuna miyala yogulitsa, akudziwa bwino kuti n'koopsa. Kuwadzudzula n'kosavuta kwa munthu amene wadya.

Apa ndi pamene nkhani ya Elisa imaluma. Mneneriyo sanayende khomo ndi khomo kudalitsa mitsuko. Anapita ku kasupe. Kupereka mankhwala kwa mwana n'kumubweza m'fumbi lomwelo kuli ngati kukolopa m'nyumba mpopi uli wotsegula. Pemphero la Mpingo n'lofunika, koma liyenera kuyenda ndi miyendo: kufunsa akuluakulu a mzinda, aphungu ndi eni makampani kuti malo oonongeka akonzedwa liti, ndi kufunsabe ngakhale yankho likuchedwa. Imeneyi ndi ntchito imene komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya m'parishi inakhazikitsidwira.

Wina anganene kuti Kabwe ndi kutali. Koma m'matauni akuno muli nyumba za mafakitale zogumuka momwe ana amachitira chibisalirano, migolo yosadziwika zimene inasunga yomwe amayi amatungiramo madzi, ndi anyamata ophwanya mabatire akale a galimoto kuseri kwa nyumba, n'kusungunula mtovu wake pa mbaula ana akuonerera. Utsi ndi fumbi lake n'zomwezija za ku Kasanda, kungoti n'zochepa.

Miphakati ikakumana mkati mwa sabata ino, ingachite bwino kutchula maina a malo otere m'dera lake ndi kukapereka kwa komiti ya parishi. Makolo asambitse ana m'manja asanadye, awaze madzi pabwalo asanasese, atsuke bwino masamba, ndipo asalime dimba pamalo pamene panali fakitale kapena garaja. Mayi woyembekezera amene amalakalaka kudya dothi akanene kusikelo, chifukwa nthawi zambiri ndi chizindikiro cha kuchepa magazi. Ndipo kuwiritsa madzi, kumene kumapha tizilombo, sikuchotsa mtovu.