Mlandu wa Fumbi la ku Kabwe

Kwathu timati mlandu suwola. Munthu akamwalira ali ndi ngongole ya mbuzi, amene walowa dzina lake amalowanso ngongoleyo, ndipo palibe amadabwa. Chimene chandisowetsa tulo masiku ano, anzanga, ndi ichi: kodi lamulo la makolo limeneli lingagwire ntchito pamene wolakwa si munthu koma kampani, ndiponso wolakwiridwa ndi mwana amene anali asanabadwe nthawi imene cholakwacho chinkachitika?

Ndikunena za Kabwe, tauni ya m'Zambia imene kale inkatchedwa Broken Hill. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kumeneko mu 1902, ndipo kwa zaka pafupifupi 90 mgodi ndi ng'anjo yake zinadyetsa tauni yonse, pamodzi ndi amuna a ku Nyasaland amene ankapitako kukafuna ndalama ya msonkho. Mu 1994 mgodi unatsekedwa. Ntchito zinatha, mabwana anamanga katundu, koma utsi wa m'ng'anjo unali utagwera kale pa madenga, pa mabwalo ndi m'madimba a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Panatsalanso chimulu cha zotsalira za m'ng'anjo chimene anthu amachitcha Black Mountain, ndipo mphepo ya m'chilimwe imachipeta usana ndi usiku.

Mtovu ulibe phokoso. Mwana amakwawa pabwalo, nayika zala m'kamwa monga achitira ana onse, ndipo thupi lake limamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Thupilo limanyengeka, limayesa mtovu ndi chakudya cha mafupa, nkuusunga m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Mtsikana amene anaumeza akukwawa amadzaupatsira mwana wake ali m'mimba. Ubongo ukawonongeka subwereranso. Mwana amangooneka wogona m'kalasi, aphunzitsi nkumamukwapula kuti ndi waulesi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Mankhwala ochotsa mtovu alipo, koma mwana akachoka kuchipatala amabwerera pa bwalo lomwe lija.

Nanga mlandu ngwa yani? Mu 2020 maloya anakasuma kampani ya Anglo American ku khoti lalikulu la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi okwana pafupifupi 140,000. Iwo anati kuyambira 1925 mpaka 1974 kampaniyi inali ndi dzanja pa kayendetsedwe ka mgodi. Kampani inakana: inati masheya ake anali ochepa, sinali mwini mgodi, ndipo kuchokera 1974 mpaka 1994 mgodi unali m'manja mwa kampani za boma la Zambia. Mu Disembala 2023 khoti linakana kuti anthu onsewo azengedwe mlandu wawo pamodzi ngati gulu, maloya nachita apilo.

Yankho la kampani si lopusa ayi, ndipo ndikuvomereza kuti linandigwira pakhosi poyamba. Ngati wolowa dzina alowanso ngongole, ndiye kuti boma limene linatenga mgodi, nkumadzitama kuti chuma chabwerera kwa eni nthaka, linatenganso fumbi. Boma lomwelo linasungunula mtovu zaka 20, ndipo linatseka mgodi osaphimba chimulu. Ife ophunzira timakonda kuloza chala atsamunda chifukwa kutero sikumatidyetsa mfulumira, koma pano chala chimodzi sichikwanira.

Komabe mwambo wathu uli ndi mbali ina imene kampani yaiwala. Ngongole imasamukira kwa wolowa dzina chifukwa mwini wake wafa, ndipo chuma chake chatsala m'manja mwa wolowayo. Apa mwini ngongole sanafe. Ali moyo, ali ndi maofesi ku London ndi ku Johannesburg, ndipo phindu la zaka zija silinakwiriridwe ku Kabwe. Munthu wamoyo sangapereke dzina lake kwa mphwake kuti athawe bwalo. Kunena kuti kale anthu sankadziwa nakonso sikundikhutiritsa: ululu wa mtovu unkadziwika ngakhale kwa Aroma, ndipo madokotala a pa mgodi pomwepo anayeza ana a m'komboni cha m'ma 1970 napeza mtovu wochuluka m'magazi mwawo. Kwa ine onse awiri ali ndi mlandu, ndipo mkangano wawo wa kuti wamkulu ndani ndi wofunika kuuthetsa atayamba achotsa dothi pabwalo la mwana, osati asanatero.

Pali munthu wachitatu amene ndalephera kumuweruza. Mgodi utatsekedwa, amuna ndi amayi osowa ntchito anayamba kukwera chimulu chija ndi makasu ndi matumba, kufukula zotsalira kuti akagulitse. Amavundula fumbi lomwelo, nabwera nalo kunyumba m'zovala ndi m'tsitsi. Ambiri a iwo akudziwa bwino lomwe. Kodi bambo wotere tingamuike pa mkeka umodzi ndi kampani? M'kalasi timaphunzira kuti munthu ali ndi mlandu ngati anali ndi ufulu wosankha. Koma kusankha pakati pa mwana kugona ndi njala lero ndi mwana kulephera sukulu zaka zisanu zikubwerazi, ine sindikutcha ufulu. Amene ananyamula phindu anali ndi njira zambiri. Uyu anamusiyira ziwiri, zonse za minga.

Mu 1921, m'mgodi womwewu, anthu okumba anapeza chigaza cha munthu wakalekale chimene akatswiri a dziko lonse amachidziwa. Chinatumizidwa ku London, ku Natural History Museum, kumene anachisunga mosamala kuti ngakhale fumbi lisachikhudze. Boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kwawo.