Mkate, Madzi ndi Tulo

Kuwerenga: 1 Mafumu 19:1-8



Ndiyambe ndi kuulula kupusa kwanga. Atandiuza kukiliniki kuti BP yakwera ndipo ndichepetse thupi, ndinafuna kuchotsa tsiku limodzi mafuta amene ndinasonkhanitsa zaka 20. Unali mwezi wa Okutobala, masana dzuwa likuswa mtengo, m'nyumba mwathu mwa malata ku Chimwemwe, ku Kitwe. Mwana wanga anandiikira vidiyo ya masewera olimbitsa thupi pafoni. Ndinadumphadumpha ola lathunthu, kumimba kulibe kanthu, madzi osamwa. Kenaka chizungulire chinandigwira, ndinasanza, ndipo kwa masiku atatu ndinalephera ngakhale kugwada popemphera. Lachinayi ku Chigwirizano mpando wanga unali wopanda munthu.

Ndili chigonere pamphasa ndinakumbukira Eliya. Mneneri ameneyu anathamanga patsogolo pa galeta la Ahabu kuchokera ku Karimeli kufikira ku Yezireeli. Yezebeli atamuopseza, anathawira ku Beereseba, nayendanso ulendo wa tsiku limodzi m'chipululu. Mphamvu zitamuthera anagona pansi pa mtengo, napempha kuti afe. Kodi Mulungu anamudzudzula? Iyayi. Anatuma mngelo ndi mkate ndi madzi. Eliya anadya, namwa, nagonanso, ndipo mngelo anabweranso kudzamudyetsa kachiwiri. Mawu a ntchito yatsopano anadza pambuyo pake, ku Horebu.

Amayi, Iye amene anaumba thupi akudziwa malire ake. Tikalikakamiza, magazi ambiri amathamangira kuminofu n'kuchepa m'mimba, ndiye nseru imayamba. Thukuta limatulutsa madzi ndi mchere, ndipo mutu umazungulira. Zikatero lekani pomwepo, khalani pamthunzi, imwani madzi pang'onopang'ono. Ngati mwasanza, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Mtima ukakhazikika idyani phala kapena nthochi, ndipo mugone. Kuphwanya kwa thupi kumakula pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenaka kumayamba kutha.

Koma pali zizindikiro zosayenera kubisa. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, minofu n'kutupa ndi kuwawa koopsa, mwina minofuyo yaonongeka ndipo zotulukamo zingaononge impso. Chimodzimodzi kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kukomoka. Musadikire kuti kuche. Pempherani muli panjira yopita ku Kitwe Teaching Hospital, ku Ndola Teaching Hospital kapena kukiliniki yapafupi. Ife amayi tinazolowera kunena kuti “ndili bwino” pamene tikuvutika. Kumeneko si kupirira kwa Chikhristu ayi.

Sindikunena kuti tileke kulimbitsa thupi. Bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza mu 2020 kuti munthu wamkulu azichita masewera osalemetsa kwambiri kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mphindi 30 zoyenda mofulumira kum'mawa, masiku asanu pa sabata, zikukwana. Amene muli ndi BP kapena matenda a shuga, yambani mwafunsa kukiliniki. Paja akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Ndipo si masewera okha amene amatigwetsa. Ena mwa ife timadzuka usiku kukapikula ku Chisokone kapena ku Masala, masana kuchapa, madzulo kuphika pamaliro, osapuma mpaka kugwa. Pa Marko 6:31 Yesu anaitana ophunzira ake kuti akapumule, poona kuti analibe ngakhale mpata wakudya. Kupuma si ulesi, ndi kumvera. Ndipo mukaona mnzanu wafooka, musayambe ndi kumufunsa chifukwa chimene sanabwerere ku Chigwirizano. Chitani monga mngelo uja: mutengereni chakudya ndi madzi.

Tipemphere: Atate, Inu amene munadyetsa Eliya m'chipululu, tiphunzitseni kusamala matupi amene munatibwereka, kuti tikutumikireni masiku ambiri. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.