MWANA NDI NDALAMA M'MWEZI WA RAMADHANI



Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, tiyeni timtamande Allah amene watifikitsanso m'mwezi wodalitsikawu tikali ndi mpweya. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad (S.A.W.), kwa akubanja kwake ndi kwa Maswahaba ake onse.

Pa tsamba lino tikambirane nkhani imene ambiri saiŵerengera kuti ndi ya dini, nkhani ya mwana ndi ndalama. Tikunena mwana wa ku pulayimale, wa Sitandade 1 mpaka 8, amene m'maŵa ali ku sukulu, masana ali ku madrasa, madzulo mwamtuma kumsika kukagula mafuta ophikira futari. Mwanayu timamphunzitsa kutawaza. Timamphunzitsa Swala akakwana zaka 7 monga anatilamulira Mtumiki. Timayamba kumzoloŵeza kufunga mpaka dzuŵa pamutu. Koma za ndalama timangoti akadzakula adzadziŵa yekha. Adzadziŵadi, koma mphunzitsi wake adzakhala yani? Adzakhala mnyamata wa juga wa kudoko, kapena wakatapila, kapena bambo wamkulu uja amene amaponyera ana aakazi K2,000 popanda ntchito imene amgwirira.

Imam Tirmidhi analemba Hadisi yotiuza kuti pa tsiku la Qiyama munthu adzafunsidwa za moyo wake, za nzeru zimene anaphunzira, za thupi lake ndi za chuma chake. Taonani bwino apa. Pa zinazo funso ndi limodzi limodzi, koma pa chuma mafunso ndi aŵiri: anachipeza bwanji, ndipo anachigwiritsa ntchito yanji. Mwana wanu adzakumana ndi mayeso ameneŵa. Kodi mungamtumize kukalemba mayeso a Sitandade 8 asanaoneko bolodi?

Tiyambe ndi funso loyambalo. Hasan, mwana wa Ali ndi Fatima, mdzukulu wa Mtumiki (S.A.W.), ali wamng'ono anatola tende imodzi pa mulu wa tende za sadaka naiponya m'kamwa. Agogo ake sanati ndi mwana uyu, musiyeni. Anamuuza kuti ailavule pomwepo, namfotokozera kuti a banja lawo sadya za sadaka. Nkhaniyi ili mwa Bukhari ndi Muslim. Tende imodzi yokha! Ndipo onani kuti sanammenye, sanamtukwane. Anamletsa, nampatsa chifukwa.

Ife kuno kunyanja tende zathu ndi ziti? Ndi chenji cha K100 chimene mwana sabweza akachoka kugolosale. Ndi dzanja limodzi la usipa limene watapa pa thandala la eni. Ndi pensulo imene wabwera nayo kuchokera kusukulu, inu osamgulira. Mwana akaloŵa m'nyumba ndi chinthu chachilendo, mfunseni mofatsa kuti wachitenga kuti, ndipo ngati yankho silikumveka nyamukani mupite naye limodzi kukachibweza. Manyazi a tsiku limenelo adzamkhalira mankhwala. Makamaka amayi, mwana wamkazi akayamba kuoneka ndi sopo wonunkhira kapena mafuta odzola amene simunagule, musakondwere kuti wakupepuzani katundu. Funsani lero lomwe.

Koma mwana amamva ndi maso kuposa ndi makutu. Tsiku lina Mtumiki anadutsa pamene munthu ankagulitsa mulu wa chakudya, napisa dzanja lake m'katimo, napeza kuti pansi nponyoŵa pamene pamwamba npouma. Anamdzudzula mwini malondayo kuti chonyoŵacho chikadaikidwa pamwamba kuti anthu achione, nanena kuti wachinyengo sali m'gulu lake. Izi zili mwa Muslim. Sura ya 83, Al-Mutaffifin, yayamba ndi kuopseza anthu amene polandira amafuna muyeso wodzaza koma popereka amachepetsa. Tsono inu bambo, pamene mukuyala usipa wadzulo pansi pa ndowa ndi watsopano pamwamba, amene wakugwirirani ndowayo ndi mwana wanu. Inu mayi, pamene mwabisala kuchipinda nkumuuza mwana kuti akanene kwa mwini ngongole kuti mayi kulibe, mwamphunzitsa phunziro limene mwalimu adzavutika kulifafaniza zaka khumi. Ndipo zonsezi mukuchita muli pa swaumu, milomo itauma!

Palinso chinyengo china chimene timachichita kwa anawo. Abu Dawud analemba za Abdullah bin Amir, kuti ali mwana mayi ake anamuitana kuti abwere ampatse kanthu, Mtumiki ali m'nyumbamo. Mtumiki anafunsa chimene akufuna kumpatsa, mayiyo nati tende. Pamenepo anawauza kuti akadapanda kumpatsa kanthu, likadalembedwa bodza pa iwo. Nanga ife pa tsiku la Idi? Amalume afika kuchokera ku Johannesburg, ampatsa mwana K5,000, ife nkuti bwera nayo ndikusungire. Imathera kuti ndalama imeneyo? Ngati mwaigwiritsa ntchito pa vuto la pakhomo, palibe cholakwa kumuuza mwanayo poyera kuti tabwereka, tidzabweza tsiku lakuti, ndipo tsikulo likafika bwezani. Akakhala mwana wamasiye ndiye nkhani yakula, pakuti Sura ya An-Nisa ndime ya 10 yafanizira kudya chuma cha amasiye mopanda chilungamo ndi kudzaza moto m'mimba.

Pogaŵa, gaŵani mofanana. Bambo ake a Nu'man bin Bashir anampatsa mphatso iye yekha nakapempha Mtumiki kuti achitire umboni, koma Mtumiki atamva kuti ana enawo sanalandire anakana, nalamula chilungamo pakati pa ana. Amene muli ndi nyumba ziŵiri, ganizirani zimenezi musanagule zovala za Idi.

Tsopano funso lachiŵiri, la kagwiritsidwe ntchito. Ena amati kumpatsa mwana ndalama nkumuononga. Qur'an yolemekezeka, mu An-Nisa ndime ya 5 ndi 6, yatiletsadi kupereka chuma m'manja mwa wopanda nzeru, komanso pomwepo yalamula kuti ana amasiye aziyesedwa kufikira atakula, ndipo akaoneka kuti ali ndi nzeru zoyendetsera zinthu apatsidwe chuma chawo. Munthu mungamuyese bwanji pa chinthu chimene simunamgwiritseko? Nchifukwa chake tikuti yambani ndi zazing'ono. Mpatseni K500 Lolemba, mumuuze kuti imeneyi ndi ya mlungu wonse. Akaithera zitumbuwa tsiku lomwelo, musamkalipire, komanso musamuonjezere ina. Lachinayi akadzaona anzake akugula iye alibe, waphunzira. Kuli bwino alire K500 ali ndi zaka 9, kusiyana nkudzalira bwato ndi injini ali ndi zaka 30.

Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an ndi ya 282 ya Sura ya Al-Baqara. Kodi mukudziŵa nkhani yake? Si ya Swala, si ya Hajji. Ndi ya kulemba ngongole ndi kuika mboni. Pamakomo ambiri a ku Makanjira, ku Malembo, ku Chipoka kapena ku Nkhotakota, munthu wodziŵa kulemba bwino manambala ndi mwana wa Sitandade 5. Mgulireni kope, akhale mlembi wa pakhomo. Azilemba amene watenga nsomba pangongole, tsiku lake, ndi tsiku lobweza. Azilembanso zimene mwagula pa futari tsiku ndi tsiku. Pakutha pa mwezi khalani pamkeka muŵerengere limodzi. Mwanayo masamu ake adzakhwima, ndipo inu mudzadabwa kuona kumene ndalama zimaloŵera. Ambiri a ife m'mwezi wakusala timaononga chakudya kuposa miyezi yakudya. Mpunga wotsala m'maŵa nkumatayira abakha, pamene nyumba yoyandikana nayo afuturu ndi madzi okha. Sura ya Al-Isra ndime ya 26 ndi 27 yaika anthu omwaza chuma pa ubale ndi asatana, ndipo ndime ya 29 yatiletsa mbali zonse ziŵiri, kuumira ndi kutambasula dzanja mopyola. Tisalere mwana womwaza, komanso tisalere kaligondo amene mnzake akamwalira ndi njala iye ali gwa ndi chitini chake.

Za kusunga, ana a kunyanja safuna buku. Amaona okha. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira mabwato amagona pamtunda masiku angapo. Kumapeto kwa chaka boma limaletsa makoka ena kuti chambo chiswane. Pali nthaŵi imene usipa umachita kusoŵa poyanika, ndipo pali nthaŵi imene chilimira chimabwera chopanda kanthu. Auzeni nkhani ya Mneneri Yusuf (A.S.), m'Sura ya 12, amene analangiza Aiguputo kuti pa zaka 7 za zokolola zambiri asunge tirigu m'ngala zake, adye pang'ono, kudikira zaka 7 za chilala. Kenaka muwafunse kuti, nanga pakhomo pathu pano zaka za chilala ndi miyezi iti? Adzakuyankhani msanga kuposa m'mene mukuganizira.

Ramadhani yomweyi yakupatsani poyambira. Mwana amene akufunga sagula mandasi pa nthaŵi yopuma kusukulu. Ndalama ija musaleke kumpatsa, koma aziiponya m'chitini. Ikakhala K100 pa tsiku, pa masiku 20 a sukulu yakwana K2,000. Waona ndi maso ake kuti chilakolako chimene wachigonjetsa chasanduka chinthu chogwirika. Swaumu imaphunzitsa kuti chinthu chingakhale cha halali, chili pamaso pako, uli nacho njala, koma nkudikira. Kusunga ndalama nchimodzimodzi.

Komatu muwauzenso ana okulirapo zoona zake za chitinicho. Kwacha yathu inayamba m'chaka cha 1971, ndipo agogo akukumbukira pamene tambala inkagula kanthu. Mu May 2022 mphamvu ya Kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Pepala limakhala lomwelo m'chitini, koma zimene lingagule zimachepa. Nchifukwa chake ndalama zikaunjikana ndithu, muthandizeni mwanayo agule msoti wa nkhuku, ukhale wakewake, aziwusamala yekha. Ukaswa, anapiye ndi ake. Limenelo ndi phindu la halali, lochokera m'thukuta ndi m'madalitso a Allah. Msiyanitsireni ndi katapila, pamene munthu akongoza K10,000 nkulandira K15,000 osagwira ntchito iliyonse koma kudikira tsoka la mnzake. Imeneyo ndi riba, ndipo Qur'an mu Al-Baqara ndime ya 275 yaloleza malonda nkuletsa riba. Amayi a m'magulu a banki mkhonde, kafunseni kwa Shehe wanu za m'mene mungasonkherane ndi kukongozana popanda chiwongoladzanja, chifukwa ana amene mumapita nawo kumeneko akuŵerenga zonse.

Masiku ano ndalama zambiri sizigwirikanso m'manja, zimayenda pa foni kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Mwana amaona manambala okha, nkumayesa kuti foni ndi chitsime. Muonetseni kuti nambala iliyonse pamenepo ndi usiku umene wina wagona panyanja, kapena mwezi umene mbale wake wagwira ntchito kutali ndi kwawo. Nambala yachinsinsi musaipereke kwa mwana wamng'ono. Ndipo chenjerani ndi juga ya mpira imene yaloŵa m'mafoni. Anyamata amaitcha maseŵera, koma Sura ya Al-Ma'ida ndime ya 90 yaika juga pamzere umodzi ndi moŵa. Mchimwene wake akamabetcha mng'ono wake akuonerera, nyumba imeneyo yayamba kale kudontha.

Pali chinthu chimodzi choŵaŵa chimene sitingachidumphe. Mwana wa zaka 11 akakoka nawo khoka m'maŵa umodzi nkulandira ndalama m'manja, sukulu imayamba kumuonekera ngati kutaya nthaŵi. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere m'chaka cha 1994, koma kudoko mumapezabe ana nthaŵi ya maphunziro, ndipo makolo ena amakhala chete chifukwa ndiwo zabwera. Abale anga, mwana ameneyo akadzakula adzabedwa pa sikelo, adzabedwa pa chiŵerengero, adzasayina pepala limene sakuliŵerenga. Kuthandiza makolo Loŵeruka kapena pa tchuthi nkwabwino, Mtumiki mwini anaŵeta nkhosa ali mnyamata. Koma tsiku la sukulu likhale la sukulu.

Zakaat iphunzitseni ngati masamu. Chuma chikafika pa nisaab, imene ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena magalamu 595 a siliva, nkukhala chaka chathunthu cha Chisilamu, timachotsa gawo limodzi pa magawo 40. Mfunseni mwana: pa K40,000 iliyonse tichotsa zingati? Akayankha kuti K1,000, muuzeni kuti imeneyo si yathu, ndi ya osauka, inangosungizidwa kwa ife. Chitini chake sichinafike pa nisaab, koma khomo la sadaka nlotseguka. Lachisanu atapeko yekha K50 kapena K100, apite nayo kumzikiti ndi dzanja lake.

Zakaatul Fitr imaperekedwa pa munthu aliyense wa pakhomo, wamkulu ndi wamng'ono, ngakhale khanda la kumsana. Muyeso wake ndi saa imodzi ya chakudya chimene anthu a m'deralo amadya, monga chimanga kapena mpunga, makilogalamu aŵiri ndi theka mpaka atatu, ndipo ifike kwa osauka Swala ya Idi isanachitike. Chaka chino musayese nokha usiku ana atagona. Aitaneni aŵerenge anthu a pakhomo, osaiŵala agogo ndi mwana wamasiye amene mukumlera. Mwana aliyense ayese gawo lake, dzanja lidzaze bwino, ndipo wamkulu pakati pawo alembe m'kope muja. Kenaka asenze okha thumbalo, inu muli pambuyo, kukapereka ku nyumba imene mwasankha. Panjira muwauze kuti akafika apereke salamu, atule katunduyo mwaulemu, ndipo asakanene kwa anzawo kusukulu dzina la amene walandira.