Kodi Kuulula N'kuvula Kholo?

Tonsefe tinakula ndi lamulo lakuti za m'nyumba sizituluka pakhomo. Mwana amene ankakanena kumjigo kuti kwawo agona ndi njala ankalandira mkwapulo ngakhale kuti wanena zoona, poti wazinena pamalo posayenera. Lamuloli limakhwima koposa likafika pa makolo. Chilema cha kholo mwana sachiloza. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine lamuloli ndimalilemekeza. Koma pali nthenda ina imene ikuliyesa m'makomo ambiri mu Mzuzu muno, ndipo funso limene ndafuna kuti tisinkhesinkhe pamodzi ndi ili: kodi mayi amene akudwazika kholo loti nzeru zayamba kuthaŵa, akakhala pansi ndi anzake a mtolo womwewo n'kumafotokozerana zochitika kuseri kwa chitseko, walivula khololo pagulu kapena walifunditsa?

Tiyambe ndi nthendayo. Madokotala amaitcha dementia. Ife tilibe dzina limodzi loigwira bwino. Timangoti agogo abwerera ku umwana, kapena kuti mutu sukuyenda. Si ukalamba chabe ayi, pakuti alipo okalamba a zaka 90 amene angakuŵerengereni mibadwo isanu osaphonya dzina. Uku ndi kuwonongeka kwa ubongo kumene kumapita pang'onopang'ono, kuyambira pa kuiŵala pamene wasiya makiyi, kufikira pa kuiŵala ntchito ya makiyiwo, mpaka kuiŵala nkhope ya mwana wobereka yekha. Mtundu wake wofala ndi umene Alois Alzheimer, dokotala wa ku Germany, anaufotokoza mu 1906. Wina umadza mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikatsekeka kapena kuphulika, monga zimachitikira odwala sitiroko. Bungwe la zaumoyo la WHO limati mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi nthendayi padziko lonse, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse anali m'maiko osauka ndi opeza pang'ono. Limatinso maola 70 mwa 100 alionse odwazika anthu otere amagwera akazi. Mankhwala ochiziratu palibe. Chimene chilipo ndi manja a munthu.

Mzinda wathu uno, umene pa kalembera wa 2018 unapezeka ndi anthu oposa 220,000, ndi mzinda wa obwera. Okalamba ambiri a ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Masasa kapena ku Mchengautuwa anachita kukatengedwa kumudzi, ku Rumphi, ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ndi ana awo ofuna kuti akhale pafupi ndi chipatala. Kumudzi nkhalamba ikasokera imabwezedwa ndi aliyense, poti aliyense amaidziŵa ndi chiwongo chake chomwe. M'tauni ndi mlendo. Tsono mtolo wonse umagwera munthu mmodzi, kaŵirikaŵiri mwana wamkazi kapena mtengwa. Kuno kumpoto, kumene mkazi amalemekeza apongozi ake aamuna mpaka kuwapatukira panjira, taganizani za mtengwa amene m'maŵa uliwonse ayenera kusambitsa apongozi omwewo ndi kuwasintha zovala zimene adziipitsira, mwamuna wake ali ku Johannesburg. Nkhani yotereyi akaikamba kwa yani?

M'kalasi timamva za John Locke, Mngelezi wa zaka za m'ma 1600, amene ankaganiza kuti chimene chimalumikiza munthu wa lero ndi munthu wa dzulo ndi kukumbukira kwake. Tikamutsatira mpaka kumapeto, ndiye kuti agogo amene aiŵala ukwati wawo, ana awo ndi dzina la mudzi wawo sialinso agogo aja. Tikusunga chigoba, nkhono inachoka kale. Makolo athu anayankha mwina: kali kokha n'kanyama, tili aŵiri n'tianthu. Umunthu sukhala m'mutu mwa mwini wake mokha. Umasungidwanso ndi amene amamudziŵa. Agogo akaiŵala kuti sadya nkhumba, kuti ankatsogolera nyimbo m'kwaya, kuti mwana wawo wachiŵiri anamwalira chaka cha njala, wodwazika amakumbukira m'malo mwawo. Iyeyu ndiye nkhokwe imene agogo asungamo zimene mutu wawo watula.

Komatu mwambi umenewu uli ndi nsonga ziŵiri. Ngati munthu amakhala munthu pozindikiridwa ndi mnzake, nanga wodwazikayo akuzindikiridwa ndi yani? Munthu amene akumutumikira usana ndi usiku amamufunsa kuti, "Inu amayi, kwanu n'kuti?" Tsiku lina amamutcha mbala yoba ndalama imene anaibisa yekha pansi pa mphasa. Alendo analeka kubwera chifukwa cha fungo. Iye analeka kupita kumaliro, kuukwati ndi kubanki m'khonde, poti angasiye ndani pakhomo? M'nyumba ya anthu aŵiri ali yekha. Ndiye kuti amene watsala pang'ono kusanduka kanyama ka m'mwambi muja ndi wodwazikayo, ndipo lamulo la chinsinsi ndilo likumutsekera m'khola.

Azakhali anga anadwazika agogo zaka zinayi ku Chibavi. Zaka ziŵiri zoyamba panalibe wakunja amene anadziŵa kanthu. Mabulangete ndiwo anawaulula. Mzuzu ndi wa mvula ndi nkhungu, ndipo pakhomo popanda khanda koma pamene pamayanikidwa bulangete m'maŵa uliwonse, wodziŵa amadziŵa. Mayi wina wa mzere wakumunsi, amenenso ankachapa chimodzimodzi, anangoima pampanda tsiku lina nafunsa kuti, "Nanunso amayi, usiku simugona?" Pakutha pa chaka analipo anayi. Analibe dzina, analibe wapampando kapena msungichuma. Loŵeruka mmodzi ankasungira mnzake wodwala kuti akafike kumsika. Ankaphunzitsana zimene sizili m'buku: kumangirira chitini pachitseko kuti chilire usiku, kubisa machesi ndi mbaula, kusokerera kapepala ka nambala ya foni m'thumba la jekete, kudziŵitsa anyamata a njinga, amene kuno timawatcha a sakaramento, kuti akaona agogo akuloŵera kumsewu awabweze. Anaphunzitsananso kuti agogo akafunsa za amuna awo amene anamwalira kalekale, si nzeru kuwauza kuti anamwalira, poti amalira maliro atsopano tsiku lililonse, n'kwabwino kuwafunsa kuti, "Kodi munakumana kuti?" ndipo nkhope imawala.

Koma chachikulu chimene ankapatsana sichinali nzeru za chitini. Tsiku lina mmodzi wa iwo, amene ankadwazika bambo ake, ananena motsitsa mawu kuti, "Ine nthaŵi zina ndimapemphera kuti Ambuye angowatenga." Padakhala zii. Kenaka wina anati, "Inenso." Palibe anamudzudzula, palibenso anamulalikira. M'maŵa mwake anatereka madzi nasambitsa bambo akewo monga mwa masiku onse. Ndikhulupirira kuti mawu ameneŵa akadawanena kwa mchimwene wake, akadamveka ngati ufiti, ndipo akadawasunga mumtima akadasanduka chibakera. Ambiri amene amamenya okalamba kapena kuwatsekera m'chipinda sanabadwe ankhanza. Ndi anthu otopa amene analibe kotulira. Chinsinsi chikhoza kusunga dzina la banja kwinaku chikuvulaza thupi la kholo.

Palinso choopsa china chimene chinsinsi chimabala. Odwala ameneŵa amayendayenda usiku. Nkhalamba ikhoza kupezeka mbandakucha pakhomo pa eni, itavula, ikunjenjemera ndi chisanu cha mu Juni, ikulankhula zosamveka. Ngati oyandikana nawo sadziŵa kanthu, tonse tikudziŵa mawu amene atulukepo: yagwa m'lichero. Ndipo poti wodwala amavomera chilichonse, akafunsidwa ngati amauluka anena kuti inde. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu powaganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana. Ngati mphezi yokha inakwanira kuphetsa anthu, kuli bwanji nkhalamba yopezeka pakhomo usiku? Lamulo la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Koma pa 4 koloko m'maŵa lamulo lili m'tulo. Chimene chingaime pakati pa nkhalamba ndi miyala ndi mayi mmodzi woyandikana nawo wofuula kuti, "Asiyeni, ameneŵa ndi odwala, kwawo ndi paja!" Mayi ameneyu angafuule pokhapokha ngati anauzidwa.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo si zopepuka. Yoyamba ndi yakuti khololo silinavomere. Munthu amene moyo wake wonse ankadzisunga mwaulemu, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo, sakadalola kuti anthu amve zoti amadziipitsira. Izi n'zoona. Ambiri timaidziŵa nkhani ya Nowa ataledzera n'kugona chivulire. Mwana mmodzi anaona nakauza abale ake. Aŵiri enawo anatenga chofunda naloŵa chambuyo. Timakonda kunena kuti phunziro lake ndi kutseka pakamwa. Koma taonani bwino: aŵiri aja sakadafunditsa bambo awo akadapanda kudziŵa, ndipo chofundacho anachigwira anthu aŵiri. Cholakwa cha woyamba uja chinali kutuluka ndi nkhani mkamwa koma wopanda chofunda m'manja. Muyeso wake, tsono, ndi uwu: kodi amene ndikumuuzayu agwira nawo nsalu, kapena angoyang'ana? Amayi anayi a ku Chibavi aja ankauzana zonse, koma kumsika ndi kumjigo ankanena chimodzi chokha, kuti akuluŵa akudwala nthenda ya kuiŵala. Oyandikana nawo ayenera kudziŵa dzina la nthenda. Za mabulangete n'za ogwira nsalu okha.

Mfundo yachiŵiri ndi ya miseche. Mzuzu ndi wamng'ono, nkhani ya ku Chibavi m'maŵa imafika ku Katoto madzulo. Izinso n'zoona, komatu miseche sidikira kuuzidwa. Pamene banja lakhala chete anthu amapeka zawo, ndipo zopekazo n'zoopsa kuposa zoona: akuti anakhwimira bizinesi, akuti mizimu ya amene anawapha ikuwabwerera. Dziko lino linadutsamo kale m'njira imeneyi. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itavuta, mabanja ankabisa odwala kuchipinda n'kumati ndi kaliwondewonde kapena tsempho. Amene anayamba kuthyola manyazi anali anthu a mtolo umodzi amene anasonkhana, monga anachitira a NAPHAM mu 1993, pamodzi ndi magulu odwazika m'makomo, zaka zambiri mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Ndiponso aliyense amene anagonapo ngati gadiyani pa Mzuzu Central Hospital akudziŵa mmene anthu osadziŵana amabwerekana mchere ndi nkhuni, ndi kudikirirana odwala wina akapita kukasamba. Palibe amati ameneŵa akuulula za m'nyumba. Kusiyana kwake n'kwakuti ugadiyani wa kuchipatala umatha m'masabata, pamene uwu umatenga zaka, ndipo ulibe khitchini yokumaniranamo.

Mfundo yachitatu ndiyo imandivuta koposa. Amayi akamathandizana chonchi, kodi sakupeputsira ena amene anayenera kusenza nawo? Mchimwene wotumiza ndalama ya sopo pafoni akhoza kunena kuti zinthu zikuyenda, poti alongo ake apeza anzawo. Apa ndikuvomereza kuti chiopsezo chilipo. Koma ndinaona kuti munthu amene wamva mnzake akunena "inenso" amapeza pakamwa. Wodwazika amene ali yekha amaganiza kuti kutopa kwake ndi tchimo, choncho sapempha kanthu. Amene wadziŵa kuti onse amatopa amayamba kuitanitsa msonkhano wa banja, amayamba kugaŵa masiku, amayamba kufunsa njira ya ku Saint John of God, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kuli anthu ophunzira za matenda a maganizo mu mzinda uno. Mutu umodzi susenza denga. Koma mutu umene sunaonepo denga la mnzake sudziŵa n'komwe kuti ukusenza denga.

Choncho yankho langa n'lakuti kuulula kotere si kuvula kholo. Lamulo la chinsinsi makolo analiika kuti liteteze ofooka a m'nyumba kwa oseka a kunja. Pamene layamba kuteteza mbiri ya banja n'kusiya wodwala pangozi ndi wodwazika m'ndende, lasiya ntchito yake, ndipo woliphwanya mosamala ndiye akulisunga.

Ife amene tili pa sukulu pano tili ndi mbali yathu. Tchuthi chikafika timapita kwathu, timagwada, timapereka moni kwa agogo, timaseka akatitchula dzina la malume athu, n'kunyamuka kupita kwa anzathu. Amene watiphikira nsima sitimuyang'ana m'maso kuti tione ngati anagona. Pakati pathu pali odzakhala anamwino, aphunzitsi, abusa ndi oweruza milandu, ndipo ambiri aife tidzadwazika kapena kudwazikidwa. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Usiku umodzi wokha wogona pakhomo pa chipinda cha agogo, kuti azakhali agone mpaka kucha, ungatiphunzitse za umunthu zimene sitingazipeze mulaibulale. Ndipo tikamva kuti amayi a m'dera lathu amakumana kuseri kwa nyumba n'kumanong'onezana za makolo awo, tisafulumire kunena kuti ndi miseche. Mwina akugwirizira nsalu.