Malata Sabereka

Mukukumbukira kumene munali mu Malichi 2023? Ine ndinali mu laibulale kuno ku Leeds, foni ili m'manja, ndikuonera matope akutsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe. Namondwe wa Freddy anasamutsa anthu opitirira 600,000 m'chigawo chakummwera. Ambirife tinachita zomwe munthu wakutali angathe: tinasonkha pa WhatsApp, tinatumiza.

Ine ndinatumizira azakhali anga a ku Phalombe ndalama ya malata, poti nyumba yawo inali itagwa mbali imodzi. Patatha mwezi ndinaimba.

"Zakhali, malata aja mwagula?"

"Iyayi mwanawe, ndagula mbuzi ziwiri. Yotsalayo ndabwereka dimba."

Ndisaname, ndinakwiya. Ndalama imeneyo ndinaipeza pogwira mashifiti ausiku kumalo osamalira okalamba, m'mawa n'kuthamangira kukalasi. Iwo anangoti, "Malata sabereka."

Funso langa kwa inu lero ndi ili: ukapereka thandizo, kodi uli ndi ufulu wolamula mmene ligwirire ntchito?

Taganizani kaye zimene madzi amatenga. Freddy anafika chimanga chili pafupi kukhwima. Anakokolola zokolola za chaka chonse, mbewu ya chaka chamawa, ziweto, njinga ya kabaza, ngakhale ndalama zimene amayi ankasunga ku banki m'khonde. Ufa, mabulangete ndi matenti zimapulumutsa moyo m'masabata oyamba, ndipo wonyoza zimenezi sanagonepo m'kalasi ya pulayimale pamodzi ndi mabanja ena makumi awiri. Koma thumba la ufa likatha, munthu amabwerera pamene anali: alibe chogulitsa, alibe chodzala. Kotsala n'kukagwira ganyu m'munda wa wina, wake uli gonere.

Azakhali anawerengera zimene ine sindinaone. Madzi akaphwa, m'dimba mumatsala chinyontho, ndipo chimanga, nyemba ndi mbatata zimacha dzinja lisanabwere. Mbuzi imaswa. Ndipo pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anasunga ndalama analira, koma mbuzi inali mbuzibe. Ine ndinkafuna denga loti ndilione pa chithunzi, mtima ukhale pansi. Iwo ankafuna njira yoti chaka chamawa asadzandiimbirenso. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Mwina mukuti, "Nanga amene timawatumizira n'kukamwera?" Zoona, alipo, ndipo thukuta lanu silotayira kumowa. Kufunsa si kulakwa. Koma pali kusiyana pakati pa kunena kuti "mwachita nazo chiyani ndalama zanga?" ndi kufunsa usanatumize kuti "chingakudzutseni n'chiyani?" Funso loyamba limamusandutsa munthu wangongole. Lachiwiri limavomereza kuti amene wakhala akulima munda umenewo zaka makumi atatu amaudziwa kuposa iwe ndi digiri yakoyo. Mabungwe ambiri tsopano amapereka ndalama m'malo mwa katundu pa chifukwa ngati chomwechi: banja lililonse linataya zosiyana.

Chinanso n'chakuti timatopa msanga. Gulu lathu la pa WhatsApp linazizira pomwe zithunzi zinasiya kubwera, chonsecho nthawi yogula mbewu ndi feteleza inali isanafike n'komwe. Ndipo izi sizachilendo: kunali madzi osefukira a 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022. Mvula ina ikubwera, abale anga.

Ndiye tsoka likadzagwanso, tumizani ya ufa mwachangu. Koma sungani ina ya mu Okutobala, pamene aliyense waiwala. Ndipo musanapite kukatumiza, imbani kaye, mufunse, mumvetsere.

Nyumba ya azakhali inakhala yofolera udzu kwa nthawi ndithu. Malata anadzagula okha, atagulitsa ana a mbuzi zija. Sanandiuze n'komwe, ndinangoona denga likuwala kumbuyo kwawo tsiku lina tikuyankhulana pa vidiyo.