Masiku Asanu ndi Limodzi Aja

M'chaka cha 1991, pa malo otchedwa Uraha m'boma la Karonga, akatswiri ofukula zakale anapeza chibwano cha cholengedwa chofanana ndi munthu. Atachipima, anati chinagona m'dothi zaka zoposa mamiliyoni awiri. Ana athu amaphunzira zoterezi ku sekondale, ndipo pa tchuthi amabwera nalo funso kunyumba: nanga masiku asanu ndi limodzi aja a m'buku la Genesis? Kawirikawiri timangowayankha kuti, "Leka zimenezo, ungachimwe." Mwana amakhaladi chete, koma mumtima wayamba kuganiza kuti ayenera kusiya chimodzi, sukulu kapena tchalitchi.

Chitulukire buku la Charles Darwin mu 1859, nkhaniyi yagawa Akhristu okhaokha. Ena akuti Mulungu analenga zonse m'masiku enieni a maola 24, zaka zikwi zowerengeka zapitazo. James Ussher, arkiepiskopi wa ku Ireland, anachita kuwerengetsera mibadwo ya m'Baibulo, napeza kuti dziko linayamba m'chaka cha 4004 Khristu asanabadwe. Ena akuti Mlengi ndi Mulungu yemweyo, koma analenga pang'onopang'ono, zamoyo zikusinthika kuchokera ku zinzake.

Abale athu oyambawo tisawanyoze. Akuopa kuti tikagwedeza tsamba loyamba la Malembo Oyera, masamba onse adzagwa ngati nyumba yozulidwa mzati, ndipo mantha amenewa achokera m'chikondi. Koma tiyeni tiliwerenge tsambalo modekha. Dzuwa likulengedwa tsiku lachinayi: masiku atatu oyamba aja anawerengedwa ndi chiyani? M'mutu woyamba nyama zikutsogola, munthu akudza pomalizira. M'mutu wachiwiri munthu akuumbidwa ndi dothi, nyama nkubwera pambuyo. Amene anaika nkhani ziwirizi pamodzi sanali wakhungu ayi. Cholinga chake chinali kutiuza amene analenga ndi chifukwa chake. Makolo athu, amene ankasimba za Chauta ndi anthu oyamba pa Kaphirintiwa, akadamva msanga kuti nkhani ikhoza kusenza choonadi popanda kukhala kalendala. Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira mu 430, anachenjeza kale kuti Mkhristu wolankhula zopanda nzeru za chilengedwe, nanena kuti wazitenga m'Malembo, amanyozetsa Malembowo pamaso pa anthu odziwa.

Tione zapafupi. Pa katekisimu mwana amayankha kuti anamlenga ndi Mulungu, pamene amayi ake, amene anamsenza miyezi isanu ndi inayi, ali pomwepo. Palibe wa ife amaona kutsutsana pamenepa. Tsono ngati miyezi isanu ndi inayi siichotsa dzanja la Mulungu, zaka mamiliyoni zidzalichotsa bwanji? Ofulumira ndife, amene masiku athu ngowerengeka.

Eklezia sanatseke khomo limeneli. M'kalata yao ya Humani Generis, mu 1950, Apapa Pius XII analola kuti akatswiri afufuze ngati thupi la munthu linachokera ku zamoyo zina. Mu 1996 Apapa John Paul II anavomereza kuti umboni wa chiphunzitsochi wachuluka, kotero kuti sichilinso chongoganizira chabe. Koma onse awiri anaima nji pa chinthu chimodzi: mzimu wa munthu aliyense amaulenga ndi Mulungu mwini.

Pali pamene pakadali polimba. Apapa Pius XII anakana ganizo loti anthu tinachokera kwa makolo oyamba ambirimbiri, popeza sizinkaoneka m'mene lingagwirizanire ndi chiphunzitso cha tchimo loyamba, pamene akatswiri a sayansi lero akunena za gulu la makolo. Akatswiri a zaumulungu akali kulimbana nalo funsoli. Mwana wa ku sekondale uja ndi wamkulu kokwanira kumuuza zimenezinso, nkumpempha kuti atenge buku lake la sayansi, ife titenge Baibulo, tikhale naye pakhonde.